Mafunso Anu: Kodi Ana Tingawakope Bwanji Kuti Akonde Dimba?

Makalata a mwezi uno achokera kwa makolo, agogo ndi aphunzitsi omwe akufuna ana awo azikonda kulima. Ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

Funso: Akonzi, ndili ndi mnyamata wa zaka 7. Ndikamuitana kuti tikagwire ntchito m'dimba amabwera monyinyirika, ndipo mphindi zisanu zisanathe amakhala atazemba kale. Ndimuyambe bwanji? (Mayi wa ana atatu)

Yankho: Mayi, taganizirani kaye ntchito zomwe mumamuitanira. Tikukhulupirira kuti ndi kutunga madzi ndi kuzula udzu. Izi ndizo ntchito zotopetsa kuposa zonse za m'dimba, ndipo mwanayo akuzigwira pa mbewu zomwe sanasankhe, sanabzale, komanso tsiku lokolola sadzafunsidwa. Ngakhale wamkulu akhoza kuzemba. Chomwe chimamugwira mtima mwana ndi kukhala ndi pake.

Mumudulire bedi lake, laling'ono: masentimita 60 m'lifupi, mita imodzi m'litali. Musalikulitse poganiza kuti mukumukomera mtima. Bedi lotambalala limamukakamiza kuponda pakati kuti afikire mbewu, ndipo dothi lopondedwa limagwirana, madzi salowa bwino, mizu n'kusowa mpweya. Likhale pamalo pomwe dzuwa limawomba maola osachepera 6 patsiku, pafupi ndi madzi, komanso pomwe iye amadutsa tsiku lililonse. Bedi la kuseri kwa nyumba komwe safikako limaiwalika sabata yoyamba yomwe.

Ntchito yolemetsa gwirani ndinu. Gaulani dothi mozama masentimita 20 mpaka 25, phwanyani zibuma, sakanizanimo ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino. Zotsalazo n'zake: kusalaza, kuika miyala m'malire, kulemba dzina lake pa kathabwa, kubzala. Pa mbewu, muonetseni mitundu itatu yomwe mukudziwa kuti siivuta, iye asankhepo iwiri. Akatero wasankha yekha, koma simunamusiye kuti asankhe chinthu chomwe chidzamukhumudwitse.

Kwa mwana wa msinkhu umenewu mphindi 10 mpaka 15 n'zokwana. Lekani iye akadafuna kupitiriza, mawa adzakukumbutsani yekha. Ndipo chovuta kwambiri kwa makolo odziwa kulima ndi ichi: mizere yake ikakhota, isiyeni. Nyemba zimamera ndithu pa mzere wokhota. Mukamabwera m'mbuyo mwake n'kumakonza zonse, amazindikira msanga kuti bedi lija ndi lanu, iye dzina chabe.

Funso: Chaka chatha mdzukulu wanga anabzala karoti. Anadikira masiku khumi osaona kanthu, n'kusiyiratu. Ndi mbewu ziti zoyenera kuyambira? (Agogo)

Yankho: Agogo, mwanayo sanalakwe, karoti ndiye wochedwa. Amatenga masabata awiri kapena atatu kuti amere, njere zake ndi zazing'ono zovuta kugwira, ndipo akamera amaoneka ngati udzu. Ndi mbewu yabwino kwa mwana amene wazolowera kale, osati woyamba kumene. Paja amati m'mera mpoyamba. Zomwe mwana waona pa mbewu yake yoyamba ndizo zimamuuza ngati kulima kuli ndi phindu.

Mbewu ya woyamba ikhale ndi njere zazikulu zogwirika ndi tizala, imere msanga, ndipo izisintha mooneka sabata iliyonse. Nyemba ndiye patsogolo. Zimamera pakati pa masiku 5 ndi 10, zimatuluka zitapinda khosi ngati mbedza, zitasenza njere yomwe inabzalidwa ija, moti mwana amazizindikira kuti ndi zake zomwe zija. Bzalani mozama masentimita 3, motalikirana masentimita 10. Mitundu yosayanga imayamba kupereka zitheba zothyola patatha pafupifupi masiku 50 mpaka 60.

Mpendadzuwa ndi wachiwiri. Amamera m'masiku 7 mpaka 10, ndipo mitundu yaitali imapitirira mamita awiri. Siyani mpata wa masentimita 40 pakati pa mbewu. Zikani ndodo pambali pake kuti mwana azilemba chizindikiro sabata iliyonse, ayembekezere tsiku lomwe mpendadzuwa adzamupose msinkhu. Mumuuzenso aziyang'ana nsonga yake m'mawa ndi madzulo: akadali wanthete amatsata dzuwa kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, usiku n'kubwerera, koma duwa likakhwima limaima chiyang'anire kum'mawa.

Dzungu nalo limamera msanga ndipo masamba ake amakula mochititsa chidwi, koma limadya malo. Phando limodzi lifuna mita imodzi kapena kuposerapo mbali zonse, choncho libzaleni m'mphepete kuti liyangire kunja. Chipatso chikakula ngati chibakera, mwana alembepo dzina lake ndi nsonga ya msomali, mongokanda khungu pamwamba osalasa mnofu. Chipseracho chimakula limodzi ndi dzungulo. Mbewu zamasamba monga mpiru ndi letesi zimamera sabata isanathe, ndipo masamba oyamba amathyoledwa patatha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Radishi, mbewu yodyedwa muzu wake monga karoti, ngati njere zake mungazipeze, amazulidwa patatha masabata atatu kapena anayi okha.

Tomato ana amamukonda, koma musayambire ku njere. Mpatseni mbande yoti awokere, chifukwa ku nazale kokha tomato amakhalako masabata 4 mpaka 6.

Lamulo losavuta loti mwana aloweze: njere ikwiriridwe mozama kawiri kapena katatu kukula kwake. Ana amakonda kukumba dzenje lalitali ngati akubisa chuma, ndiye njere imatha mphamvu isanatulukire kunja. Lembani chizindikiro pa kamtengo kobowolera mapando kuti asapitirire.

Funso: Mwana wanga wa zaka 5 amafukula njere tsiku lililonse kuti aone ngati zayamba kumera. Ndimukalipire? (Bambo wina)

Yankho: Ayi bambo, chidwi chimenecho ndicho mukuchifuna. Ingomupatsani pooonera. Dulani botolo lapulasitiki loonekera m'kati, pindani pepala lofewa kapena kansalu mozungulira m'kati mwake, thirani madzi pang'ono pansi kuti pepalalo lizinyowa, ndipo lowetsani nyemba zitatu pakati pa pepala ndi khoma la botolo. Nyembazo zikhale zoti zagona m'madzi usiku umodzi, ndipo zisamire. Pakatha masiku awiri mpaka anayi muzu umatuluka. Ikani nyemba iliyonse mosiyana, ina chagada, ina cham'mbali, aone kuti muzu umaloza pansi ndithu. Tsiku lomwe mwakonza botolo abzalenso zina m'dothi, mumuuze kuti zomwe akuona m'botolo ndizo zikuchitikanso pansi, ndipo kuti muzu wanthete ukathyoka mbewu imafa.

Funso: Timakhala m'nyumba yopanda malo olima, pali khonde lokha. Kodi ana angalime chiyani pamenepo? (Mayi wa mapasa)

Yankho: Khonde likamawombedwa ndi dzuwa maola 5 kapena 6 ndi dimba kale. Ndowa yobooka, beseni lakale, chigubu chodulidwa pakati, thumba, zonsezi zimagwira ntchito, kupatula chomwe munali mankhwala, penti kapena mafuta a galimoto. Chachikulu ndi mabowo. Boolani asanu kapena asanu ndi limodzi pansi, aakulu ngati pensulo, ndipo chotengeracho chikhale pa timiyala kapena njerwa kuti madzi azituluka. Anthu ambiri amayala miyala m'kati pansi poganiza kuti ithandiza madzi kutsika. Siithandiza, imangolanda malo a mizu.

Kuya kwake kutengere mbewu. Letesi ndi mpiru zimakwana m'masentimita 15 mpaka 20, nyemba 20 mpaka 25, pomwe tomato mmodzi afuna ndowa yake ya malita 20. Dothi la pabwalo lokha limauma gwa m'chotengera, choncho sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana, ndipo ngati dothilo ndi lamakande onjezani gawo limodzi la mchenga. Siyani masentimita 3 pamwamba osadzaza, poti madzi aziima pothirira.

Popeza ndi mapasa, aliyense akhale ndi chake, koma abzale mbewu zosiyana. Mukawapatsa mbewu imodzi, ya wina idzakula kuposa ya mnzake, ndiye mudzakhala mukuweruza milandu. Kumbukiraninso kuti dothi la m'chotengera limauma msanga kuposa la pansi. Nyengo yotentha liyenera kuyang'anidwa tsiku lililonse. Pa khonde lamthunzi siyani tomato ndi nyemba, limbikirani zamasamba. Matako a anyezi wamasamba, odulidwa masentimita 3 kuchokera ku mizu n'kuzikidwa m'dothi, amaphukanso m'masiku ochepa, ndipo ana aang'ono amasangalala nazo kwambiri.

Funso: Mbande za mwana wanga zinamera bwino, kenaka zinayamba kugwa imodziimodzi. Amathirira katatu patsiku, ndiye si ludzu. Walira kwambiri. Chavuta n'chiyani? (Mayi wodandaula)

Yankho: Mayi, yankho mwalitchula nokha: katatu patsiku. Mbewu za ana zambiri zimafa ndi madzi ochuluka kusiyana ndi chilala, chifukwa kuthirira ndiyo ntchito yomwe amaikonda. Mizu imapuma. Dothi likakhala lonyowa chinyowere mpweya umatha, mizu imawola, ndipo mbewu imafota ngati ili ndi ludzu, mwana n'kuonjezanso madzi.

Yang'anani tsinde la mbande yakugwayo pomwe lakhudzana ndi dothi. Ngati laonda ngati ulusi, lada kapena lanyowa, ndi matenda obwera ndi tizilombo ta m'gulu la chuku tomwe timakonda dothi lonyowa ndi mbande zothithikana. Yagwa yagwa, siidzukanso. Zulani zodwalazo, patulirani zotsala kuti mphepo izidutsa, ndipo lekani kuthirira mpaka pamwamba paume. Koma ngati tsinde ladulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, mbande ili gone pambali, imeneyo ndi mbozi yotuwa yomwe imabisala m'dothi masana n'kumadula usiku. Fukulani ndi chala mozungulira mbande yodulidwayo, muipeza itadzipinda. Kusaka mbozi imeneyi ndi ntchito yomwe mwana wolira uja angaigwire mokondwa. Zotsalazo zivekeni kolala ya katoni kapena ya botolo lodulidwa mbali zonse, yolowa m'dothi masentimita awiri kapena atatu.

Pa kathiriridwe, mphunzitseni kufunsa dothi. Alowetse chala mpaka pa mfundo yachiwiri: chikatuluka chonyowa, dothi litamatirira, lero sathirira, chikatuluka chouma, athirire mokwanira, pa dothi osati pa masamba, m'mawa kapena madzulo. Njere zongofesedwa kumene zokha ndizo zimafuna kuti pamwamba pasaume. Kheni ya akuluakulu ya malita 10 imalemera makilogalamu 10 ikadzaza, ndipo madzi ake amakokolola njere. Mpangireni yake: botolo la lita imodzi kapena awiri, chitsekerero chake chitabooledwa timabowo ndi singano yotentha. Ngati dzanja likumuyabwabe kufuna kuthirira, mpatseni mbewu ina yolimba, monga nthochi kapena mtengo wa pabwalo, yoti azitsanulirako.

Za kulirako, musathamangire kukabzala zina mobisa. Fufuzani naye chomwe chapha mbandezo, kenaka abzalenso tsiku lomwelo. N'chifukwa chake timalangiza kusunga theka la njere nthawi zonse.

Funso: Kodi mwana wa zaka 3 wachepa? (Mayi woyamba kulera)

Yankho: Sanachepe, bola musayembekezere ulimi. Pa msinkhu umenewu ntchito yake ndi kukumba, kudzaza dothi m'kachitini, kuponya njere zikuluzikulu m'phando lomwe mwakonza, ndi kuthyola chomwe mwamulozera. Mpatseni ngodya yake yokumbakumba kutali ndi mbande, ndi sipuni yakale. Adzathyola tomato wosapsa ndipo adzazula mbewu pamodzi ndi udzu, zimenezo ziyembekezereni. Chomwe sitinyengerera ndi madzi: mwana wamng'ono akhoza kumira m'ndowa ya madzi ochepa atagweramo chamutu. Ndowa, migolo ndi zitsime zikhale zovundikira, ndipo musamusiye yekha.

Funso: Ndimaopa matenda ndi mankhwala. Ndi ziti zoyenera kusamala ana akamagwira dothi? (Bambo wa ana awiri)

Yankho: Dothi palokha lisakuopseni, bambo, koma pali zinthu zingapo zenizeni. Njere zogula zomwe zili ndi utoto wofiira, wobiriwira kapena wabuluu zinapakidwa mankhwala oteteza ku matenda ndi tizilombo. Utotowo ndi chenjezo. Mwana wamng'ono asazigwire, ndipo zotsala zisungidwe pomwe safikira, chifukwa zimaoneka ngati maswiti. Kwa ana gwiritsani ntchito njere zosapakidwa.

Ndowe zaziwisi zisalowe m'bedi la mwana. Zimawotcha mizu, komanso zimanyamula majeremusi otsegula m'mimba omwe amatha kufika pa masamba. Manyowa okonzeka amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi. Zitosi za agalu ndi amphaka zisaikidwe pa kompositi n'komwe. Majeremusi a kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe ndipo amalowera pa bala, choncho onetsetsani kuti ana analandira katemera wake, bala lililonse litsukidwe ndi sopo n'kumangidwa, ndipo azivala nsapato. Kusamba m'manja ndi sopo pochoka m'dimba kukhale mbali ya ntchitoyo.

Lamulo la pakamwa likhale limodzi: sadya kanthu ka m'dimba asanafunse wamkulu. Njere za nsatsi ndi zokongola, zamawangamawanga, koma zili ndi poizoni woopsa zikatafunidwa. Masamba a tomato ndi a mbatatesi sadyedwa, chimodzimodzi mbatatesi yomwe yabiriwira. Nyemba zouma zosaphika nazo zimadwalitsa.

Mankhwala ophera tizilombo asafike pa bedi la mwana. Bedi la mita imodzi limatetezeka ndi manja. Mbozi ndi nkhono zitoledwe m'mawa, nsabwe za zomera zitsukidwe ndi madzi kapena zipoperedwe madzi a sopo wamba, sipuni yaing'ono imodzi pa lita, madzulo dzuwa litazizira, mutayesa kaye pa tsamba limodzi. Muonetseni kachikumbu kofiira ka madontho akuda komwe kamadya nsabwezo, ndi nyongolotsi zomwe zimafewetsa dothi, adziwe kuti si chokwawa chilichonse choyenera kuphedwa. Khasu ndi chikwanje zikhale za akuluakulu mpaka mwana atakula moti n'kumvera malangizo.

Funso: Dzungu la mwana wanga likuchita maluwa ambiri koma onse akungoyoyoka. Talakwitsa pati? (Bambo wokonda maungu)

Yankho: Mwina simunalakwitse paliponse. Dzungu limakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, ndipo aamuna ndiwo amayamba, nthawi zina sabata imodzi kapena ziwiri aakazi asanaoneke. Duwa lalimuna lili pa kaphesi kowonda ndipo kugwa ndi khalidwe lake. Lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Ngati timaungu timeneti tikusanduka tachikasu n'kugwa, ndiye kuti mungu sukufika, kawirikawiri chifukwa njuchi zachepa. Apa mwana akhale njuchi. M'mamawa maluwa atangotseguka, athyole lalimuna, achotse timasamba take tachikasu kuti patsale kamtengo ka mungu, akhudzitse pakati pa duwa lalikazi mofatsa. Duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha, ndiye akachedwa mpaka masana mwayi wapita. Amange kaulusi pa phesi la lomwe wathandizalo. Pakatha masiku atatu kapena anayi adzaona likufufuma.

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndapatsidwa kalabu ya zaulimi ya ana 40. Poyamba amabwera onse, pano atsala khumi. Ndiwabweze bwanji? (Mphunzitsi wa pulayimale)

Yankho: Aphunzitsi, choyamba fufuzani ngati pasukulu panu ana olakwa amatumizidwa kukalima ngati chibalo. Ngati zili choncho, kambiranani ndi anzanu kuti chilango chimenecho chisamachitikire m'dimba la kalabu. Mwana sangakonde Lachitatu chomwe amalangidwa nacho Lolemba.

Dimba limodzi la ana 40 limakhala lopanda mwini. Agaweni m'magulu a ana anayi kapena asanu, gulu lililonse ndi bedi lake la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali, njira za masentimita 50 pakati, ndi chikwangwani cha mayina awo. M'gulumo ntchito zizisinthana sabata iliyonse: wothirira, woyeza ndi kulemba, wosaka tizilombo, wosunga zipangizo. Werengani masabata kuchokera tsiku lotsekera teremu kubwerera m'mbuyo, ndipo bzalani zokhazo zomwe zikhwime m'masabata 8 mpaka 10. Palibe chimawagwetsa ulesi ana ngati kubwera kuchokera ku tchuthi n'kupeza zonse zauma kapena zakololedwa ndi ena. Zokolola adye kapena atenge okha omwe analima.

Bedi lililonse likhale ndi funso lake. Gulu lina liphimbire theka la bedi ndi udzu wouma wochindikala masentimita 5, theka n'kulisiya, liziyerekeza chinyezi ndi kuchuluka kwa udzu womera. Lina lithire manyowa mbali imodzi yokha. Lina livundikire mbande imodzi ya nyemba ndi katoni kwa sabata, lione ikutalika moonda ndi kuyezuka chifukwa chosowa kuwala. Nyemba zikayamba maluwa, fukulani chomera chimodzi mosamala muwaonetse timatuza ta pa mizu. Mukadula kamodzi n'kupeza m'kati mofiirira, ndiye kuti mabakiteriya okhala m'menemo akugwira ntchito yotenga naitirojeni wa mumpweya n'kupatsa chomeracho.

Kwa aang'ono, mangani kanyumba ka nyemba zoyanga: mitengo 6 mpaka 8 yotalika mamita awiri, yozikidwa mozungulira pa bwalo lotambalala mita imodzi ndi theka, nsonga zake zitamangidwa pamodzi, mbali imodzi mutasiya khomo. Patsinde pa mtengo uliwonse bzalani nyemba ziwiri kapena zitatu. M'miyezi iwiri kamakhala kataphimbika, ana n'kumalowamo.

Funso: Mtsikana wanga wa zaka 13 ankakonda dimba ali wamng'ono, koma pano akuti ndi zachibwana. Ndimuleke? (Mayi ake)

Yankho: Musamukakamize, mayi, koma mwina akunena zoona: nyemba za m'botolo wazipitirira. Wa msinkhu umenewu amafuna ntchito yokhala ndi luso ndi ulamuliro. Mpatseni nazale yonse kuti aziyendetsa, kapena mulole agulitse zomwe walima ndalama n'kukhala zake, azilemba yekha zolowa ndi zotuluka. Ngati amakonda foni, ajambule chomera chimodzi pamalo amodzimodzi tsiku lililonse kwa mwezi, aone zithunzizo motsatizana.

Kusunga mbewu nako kumawakopa achinyamata. Nyemba zisiyidwe pa chomera mpaka makoko atauma moti n'kumalira akagwedezedwa. Za tomato, afinyire njere ndi madzi ake m'kapu kuchokera ku chipatso chakupsa bwino cha chomera chathanzi, azisiye masiku awiri kapena atatu kuti zisase ndipo lenda lokuta njere lisungunuke, atsuke, ataye zoyandama, ayanike zomira pa mbale pamthunzi kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Zikauma aziike mu envelopu yolembedwa dzina la mbewu ndi tsiku. Apewe mbewu zomwe paketi yake yalembedwa F1, kutanthauza haibulidi, chifukwa ana a mbewu zoterezi satengera makolo awo. Nyengo yobzala isanafike ayese mbewu zakezo: njere 10 pa kansalu konyowa, kopindidwa n'kuikidwa pamalo ofunda, aziwerenge patatha sabata kapena masiku khumi. Zikamera 8 kapena kuposerapo ndi mbewu yabwino, zikamera 5 mpaka 7 afese mothithikana, zikachepera pamenepo afune zina.